Injiniya amaphunziranso kunena kuti ayi

 Ndabweranso mnzanu uja mumamumva pa wailesi m'mamawa. Sabata ino nkhani yathu yachokera m'kalata imene anandilembera bambo wina wa ku Tsangano. Dzina lawo ndalisunga poti sanandilole kulitchula.

Bambowa akuti mwana wawo wamwamuna wamaliza kalasi 12 ndipo mtima wake uli pa uinjiniya. Iwo agulitsa kale mbatatesi za chaka chino, ndipo akuganiza zogulitsanso ng'ombe imodzi. Funso lawo ndi ili: "Kodi mwanayu akakakhala zaka zonsezo ku yunivesite, akaphunzira chiyani chimene a mestre a kwathu kuno sachidziwa? Iwo amanga nyumba zambirimbiri popanda pepala lililonse." Mwafunsa bwino, bambo, ndipo si inu nokha amene muli ndi funsoli. Paja safunsa anadya phula.

Tiyambe ndi njira yake. Wofuna uinjiniya amalemba mayeso olowera, ndipo kawirikawiri amakhala a masamu ndi fizika. Kale wophunzira ntchitoyi ankayenera kupita ku Maputo, ku yunivesite imene inayamba mu 1962 ndi kupatsidwa dzina la Eduardo Mondlane mu 1976. Lero sukulu zayandikira. Kuno ku Tete kuli Instituto Superior Politécnico de Tete, imene inakhazikitsidwa mu 2005 ndipo imaphunzitsa za migodi. Ku Songo kuli ina yophunzitsa za magetsi ndi za madzi. Ku Beira kuli UniZambeze, imene nthambi yake ya zaulimi ili ku Ulongwe konkuno. Maphunziro amatenga zaka zinayi kapena zisanu.

Zaka ziwiri zoyamba n'zowawa. Mwana amapita akuganiza kuti akagwira simenti ndi mawaya, koma amangopeza masamu, fizika, kimika, kujambula mapulani ndi kompyuta. Ambiri amagwa ulesi pamenepa. Koma masamuwo ali ndi ntchito. A mestre amadziwa kuti mtanda wakuti umalimba chifukwa anauikapo kale kwina ndipo sunagwe. Injiniya amaphunzira kuwerengera katundu amene mtandawo udzasenze, kukula kwa zitsulo zofunika ndi malo oziika, chinthucho chisanamangidwe, ngakhale chikhale chinthu chimene sanachionepo. Kusiyana koyamba ndi kumeneko.

M'zaka zotsatira amaphunzira kulimba kwa chitsulo, thabwa ndi konkire, khalidwe la dothi likanyowa, ndi mphamvu ya madzi oyenda. Amaumba timiyala ta konkire ndi kutiphwanya pa makina, tina patapita masiku 7, tina patapita masiku 28, kuti aone ngati zimene anawerengera papepala zili zoona. Kenaka amapita kukaphunzira pa ntchito yeniyeni, imene pa Chipwitikizi amati estágio. Pomaliza amalemba ntchito yake ndi kukaimirira pamaso pa aphunzitsi, iwo n'kumamufunsa mpaka thukuta kamukamu.

Koma pali phunziro lina limene ine ndinaliona ndi maso angawa, ndipo ndi limene landichititsa kulemba nkhaniyi.

Mwana wa mlongo wanga, mtsikana, akuphunzira uinjiniya wa zomangamanga. Pa tchuthi china, ali m'chaka chachitatu, anabwera kumudzi ndipo anapeza anthu akumanga chipinda chophunziriramo ndi ndalama zimene anasonkha okha. Khonde lake analifolera ndi konkire. Patangopita masiku anayi, a mestre analamula anyamata kuti achotse matabwa ndi mizati yochirikiza, chifukwa matabwawo anali obwereka, olipira tsiku ndi tsiku, ndipo mwini wake ankawafuna. Pamwamba pake konkireyo inkaoneka youma gwa.

Mtsikanayo anabwera kwa ine nkhope ili yakugwa. Anati: "Malume, akachotsa lero, dengalo litha kung'aluka m'kati, ndipo pansi pake pazidzakhala ana. Koma ndiwauza bwanji anthu aakulu ngati amenewa?" Ine ndinamuyankha kuti pakamwa mpoti pake, ine ndingomuperekeza.

Sanalankhule pagulu ayi. Anawaitanira a mestre kuseri kwa mulu wa njerwa, nagwada pang'ono monga mwa mwambo, nati: "Bambo, ndikhululukireni, ine ndine mwana wanu. Koma matabwawa asachoke lero." Anawafotokozera m'Chichewa chathu chomwechi kuti simenti silimba chifukwa chouma ngati dothi la mbiya. Imalimba chifukwa chogwirizana ndi madzi pang'onopang'ono. N'chifukwa chake konkire imafunika kuithirira masiku osachepera 7, ndipo mphamvu imene amaiwerengera papepala imakwana patapita masiku 28. Anawauzanso kuti madzi akachuluka posakaniza, konkire imathirika mosavuta koma imasiya timibowo m'kati. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

A mestre anakwiya. Anati iwo anayamba kumanga mtsikanayo asanabadwe, ndipo zimenezo zinali zoona. Akuluakulu ena a komiti anati mwana wadzulodzuloyu akufuna kuwadyera ndalama. Mlongo wanga anachita manyazi mpaka anakabisala kukhitchini. Mtsikanayo sanakweze mawu, koma sanasinthenso. Ananena poyera kuti iye akadali wophunzira ndipo alibe chilolezo cholamula ntchito. Anaimbira foni mphunzitsi wake, namufotokozera kutalika ndi kuchindikala kwa dengalo, ndipo mphunzitsiyo analankhula yekha ndi a mestre. Mizati inakhala milungu ina iwiri. Komiti inalipira ndalama zoonjezera za matabwa ikung'ung'udza.

Palibe amene anamuombera m'manja mwanayo, chifukwa denga limene silinagwe silikhala nkhani, ngakhale kwa ife a pa wailesi. Koma tamverani zimene zinachitika mawa lake. A mestre omwewo anamuitana n'kumuonetsa mmene amayezera kulingana kwa makoma ndi paipi yoonekera m'kati yothiramo madzi, ndi mmene amadziwira mchenga wa dothi poufinya m'manja. Iye anabwerera kusukulu akunena kuti tsiku limenelo anaphunzira zimene anali asanazigwirepo ndi manja. Zoonadi mutu umodzi susenza denga.

Tsono bambo a ku Tsangano, yankho langa ndi limeneli. Ku yunivesite mwana wanu akaphunzira kuwerengera, kuyesa ndi kujambula. Koma pamwamba pa zonsezi akaphunzira kuti pulani imene wasainira ndi mlandu wake. Ikalakwika, sadzaloza mvula, sadzaloza wothira simenti, adzafunsidwa ndi iyeyo. M'dziko lathu muli bungwe la Ordem dos Engenheiros de Moçambique, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 2002. Limalemba mayina a mainjiniya, limawapatsa chiphaso cha ntchito, ndipo lili ndi mphamvu yolanga wophwanya malamulo a ntchitoyi. Wongomaliza kumene sukulu amayamba wagwira pansi pa mnzake wodziwa asanaime payekha. Dipuloma yokha sikwanira.

Munthu wotereyu amakumana ndi mayesero. Mwini ntchito adzamuuza kuti achepetse zitsulo kuti ndalama zitsale. Wina adzafuna kuti nyumba itsegulidwe tsiku la phwando lisanafike, konkire isanakhwime. Wina adzamupatsa kenakake m'thumba kuti asainire ntchito imene sanaione. Masamu onse aja amakhala opanda pake ngati pa tsiku limenelo pakamwa pake palephera kutuluka mawu akuti ayi.

Ife a m'chigawo chino sitifunika kupita kutali kuti tione kulemera kwa ntchitoyi. Damu la Cahora Bassa, limene linayamba kumangidwa mu 1969 ndi kutsekereza Zambezi mu 1974, ndi lalitali mamita 171, ndipo makina ake asanu amatha kutulutsa magetsi okwana mamegawati 2,075. Mlatho wa Samora Machel umene timawolokapo tsiku ndi tsiku anaujambula ndi injiniya wa ku Portugal, Edgar Cardoso. Zinthu zimenezi anaziwerengera ndi anthu ochokera kunja, pa nthawi imene ana a eni dziko ochepa okha ndi amene ankaloledwa kufika patali ndi sukulu. Kuyambira mu Novembala 2007 damuli lili m'manja mwa dziko lathu, ndipo oliyang'anira ayenera kuchokera pakati pa ana athu omwewa. Tikukumbukiranso Januwale 2022, pamene namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Revúbuè ndipo mlatho wa pamenepo unaduka. Mtsinje sumvera udindo wa munthu, sumveranso tsiku la phwando. Mvula ya masiku ano ikufuna anthu odziwa kuwerengera madzi ndi osaopa kunena zimene apeza.

Kwa iwe mnyamata wa ku Tsangano, ndi kwa inu atsikana amene mukuopa kuti ntchitoyi ndi ya amuna okha, ndili ndi mawu atatu. Choyamba, gwirani masamu lero, musadikire chaka cha mayeso. Chachiwiri, pa tchuthi musamangokhala pa msika mutavala chipewa cholimba chija kuti anthu azikutchani engenheiro. Pitani kwa a mestre, kwa owotcherera zitsulo, kwa okonza zigayo, mukagwire fosholo ndi sipanala. Chachitatu, musataye chinenero cha amayi anu. Mabuku mudzawerenga m'Chipwitikizi, ena m'Chingelezi, koma amene adzathire konkire yanu ndi amene adzakhale pansi pa denga lanu muyenera kuwafotokozera m'chinenero chimene amamva. Mwana wa mlongo wanga akanangolankhula Chipwitikizi cha m'kalasi tsiku lija, matabwa aja akanachoka.

Ndipo inu bambo, za ng'ombe ija ndi inu ndi amayi a kunyumba amene mudziwe, poti khola ndi lanu. Ine ndingokupemphani chinthu chimodzi. Mwanayo akadzabwera pa tchuthi n'kukutsutsani mwaulemu pa za maziko a nyumba kapena pa za chitsime chimene chayandikana ndi chimbudzi, musadzamuthamangitse kuti sukulu yamupatsa mwano. Mudzamufunse chifukwa chake. Akatha kukufotokozerani mpaka inu kumvetsa, mudzadziwe kuti mbatatesi zanu sizinapite pachabe.

Makalata anu apitirire kubwera, kaya ku wailesi kaya ku nyuzipepala ino. Tsalani bwino, tikumananso sabata yamawa pa tsamba lomwe lino.