Mndandanda wa m'magazini ulibe makutu

Anzanga, lero ndili ndi kamkwiyo, ndipo mundilole ndikatulutse.

Loweruka lapitali kunyumba kwanga kunafika alendo awiri. Mmodzi ndi mnyamata amene ndinamuphunzitsa zaka zapitazo, pano akugwira ntchito ku Lilongwe. Winayo ndi mphunzitsi mnzanga, bambo wowerenga kwambiri amene ndimawalemekeza. Tikumwa tiyi, nkhani inakhotera ku nyimbo za rock, ndipo posakhalitsa panabuka mtsutso wakalekale uja: pa zimbale za The Beatles, chopambana n'chiti, Revolver cha 1966 kapena Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band cha 1967?

Mnyamatayo anali kumbali ya Revolver. Anali atalembanso ndemanga yake ya masamba awiri, imene amagawana ndi anzake okonda nyimbo. Sanaphunzire za nyimbo kusukulu iliyonse, ngakhale gitala sadziwa kagwiridwe kake. Koma tamvani zimene ananena. Anati chimbalechi chimayamba ndi "Taxman", nyimbo ya George Harrison yodandaula za msonkho, koma gitala yolusa ya pakati paja anaiimba ndi Paul McCartney, amene ntchito yake inali ya besi. Anati mu "Eleanor Rigby" mulibe gitala kapena ng'oma, muli mavayolini ndi zida zina za nsambo zokhazokha, anthu 8 akuziimba. Anati "Tomorrow Never Knows" siyendayenda ngati nyimbo zina, imangoima pamalo amodzi, kwinaku phokoso la matepi odulidwa n'kulumikizidwa likuizungulira ngati mbalame. Pomaliza anati Sgt. Pepper ndi chimbale cholumala, chifukwa nyimbo ziwiri zabwino koposa zimene anajambula nthawi imeneyo, "Strawberry Fields Forever" ndi "Penny Lane", anazitulutsa padera mu February 1967 ndipo m'chimbalemo mulibe.

Mukhoza kugwirizana naye kapena ayi. Koma munthu wolankhula chonchi wamvetsera.

Mphunzitsi mnzangayo anangopukusa mutu. "Iwe mwana, ndiwe yani kuti uziweruza The Beatles? Magazini ya Rolling Stone inafunsa akatswiri, ndipo pa zimbale 500 zopambana anaika Sgt. Pepper pa nambala 1. Nkhani yathera pomwepo."

Mnyamatayo anapinda mapepala ake n'kuwaika m'thumba. Mwa ulemu wathu, sakanawayankha akuluakulu. Ine ndinafunsa kuti, "Achimwene, tikachotsa 'A Day in the Life' imene aliyense amaidziwa, ndi nyimbo iti ya mbali yachiwiri imene imakugwirani mtima?" Anaseka, n'kunena kuti papita zaka zambiri asanachimvere chonse.

Apa ndiye pali mkwiyo wanga. Amene anamvetsera anatsekedwa pakamwa ndi amene anawerenga mndandanda.

Tiyeni tiyambe ndi mndandandawo. N'zoona kuti mu 2003 Rolling Stone inaika Sgt. Pepper pa nambala 1 ndipo Revolver pa nambala 3. Koma magazini yomweyo inakonzanso mndandandawu mu 2020, itafunsa anthu ena atsopano. Pamwamba panakhala What's Going On cha Marvin Gaye. Revolver chinatsikira pa nambala 11, ndipo Sgt. Pepper chinagwera pa nambala 24. Kodi pakati pa 2003 ndi 2020 John Lennon anabwerera ku situdiyo kukaimbanso molakwika? Nyimbo ndi zomwe zija. Amene anasintha ndi oponya mavoti. Ndiye ngati mfundo yanu yonse ndi nambala, achimwene, nambala ya 2020 ili kumbali ya mwana uja.

Akatswiri amenewa si angelo. Mu 1969 Rolling Stone inanyoza chimbale choyamba cha Led Zeppelin. Mu 1970 Lester Bangs, amene lero amatengedwa ngati mfumu ya olemba za rock, ananyoza chimbale choyamba cha Black Sabbath m'magazini yomweyo. Achinyamata wamba a ku Britain ndi ku America sanamvere, anagula zimbalezo n'kuziimba mpaka kuzikalipa. Patapita zaka, magazini ija inaika zimbale ziwiri zonsezi pa mndandanda wake wa 500. Anatsogola ndani pamenepa, katswiri kapena mnyamata wa m'misewu ya Birmingham?

Ndipo akatswiriwo anachokera kuti? Bangs yemweyo ankagulitsa nsapato m'sitolo ku California pamene anatumiza ndemanga yake yoyamba ku Rolling Stone mu 1969. Inali ya chimbale cha MC5 chotchedwa Kick Out the Jams. Anachinyoza, ndipo pambuyo pake anasintha maganizo n'kuyamba kuchikonda. Paul Williams anayambitsa Crawdaddy, imodzi mwa magazini oyamba kulemba za rock mozama, mu 1966 ali ndi zaka 17, akadali wophunzira pakoleji. Anthuwa akanauzidwa kuti "iwe mwana, ndiwe yani", bwenzi akatswiri amene mukuwagwadirawo kulibe.

Tsopano tibwere pafupi ndi kwathu, chifukwa matenda odikira kuti ena atiuze chokoma atipweteka kale. M'zaka za m'ma 1970, kutsidya kwa Mchinji, ku Zambia, kunali rock yamoto imene lero imatchedwa Zamrock. Gulu la WITCH, lotsogozedwa ndi Emmanuel "Jagari" Chanda, linatulutsa Lazy Bones!! mu 1975. Chaka chomwecho Amanaz anatulutsa Africa. Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family anatulutsa Day of Judgement mu 1976 ndi 45,000 Volts mu 1977. Boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo zambiri pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo, ndipo magulu anachuluka. Kenako mtengo wa kopa unagwa, chuma chinasokonekera, edzi inatenga oimba ambiri, ndipo zimbale zija zinatsala m'makatoni. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Jagari anafika pokakumba miyala yamtengo wapatali kuti apeze chakudya.

Kwa zaka zambiri, ndi angati mwa ife odzitcha okonda rock amene tinatchulapo mayina amenewa pa mtsutso? Tinkaloweza za London ndi Los Angeles. Zinatengera kampani ya ku America, Now-Again Records, kuti iyambe kutulutsanso zimbalezi cha m'ma 2010. WITCH inadzuka, inayenda maiko akunja, ndipo mu 2023 inatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Zango. Mu 2024 woimba wa ku America Tyler, the Creator anatenga chigawo cha nyimbo ya Ngozi Family yoimbidwa m'Chinyanja n'kuchiika mu nyimbo yake ya "Noid". Pamenepo ndiye tonse tinadzidzimuka, aliyense n'kumati, "Aa, Paul Ngozi ndimamudziwa kalekale!" Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo alendowa tiwathokoze. Koma manyazi ndi athu: nyimbo ya m'chilankhulo chathu tinadikira kuti munthu wosamva mawu ake atiuze kuti ndi yabwino. Pa mndandanda wa 500 uja palibe chimbale cha Zamrock ngakhale chimodzi. Kodi ndiye kuti gitala ya Paul Ngozi inali yozizira?

Ndikudziwa zimene ena a inu munene. Muti, "Aphunzitsi, ndiye kuti aliyense azingolankhula zake? Maganizo onse ndi ofanana?" Ayi ndithu. Ndemanga zambiri za okonda nyimbo wamba ndi zinyalala, ndipo ndazimva zokwanira. "Chimbale ichi n'chamoto!" "Amene sakonda Pink Floyd alibe nzeru!" Kumeneko n'kukuwa, ngati m'bwalo la mpira. Ndipo anthu wamba nawonso amayenda ngati nkhosa. Mu 1996 owerenga Rolling Stone anavotera Pinkerton cha gulu la Weezer kuti ndi chimodzi mwa zimbale zoipitsitsa za chaka chimenecho. Mu 2002 owerenga a magazini yomweyo anachiika pa nambala 16 mwa zimbale zopambana za nthawi zonse. Kutsata gulu ndi kutsata katswiri ndi ulesi umodzi wovala malaya osiyana.

Sindikunenanso kuti tisiye kuwerenga akatswiri. Wolemba wabwino amakuloza pamene makutu ako anadumpha, amakuuza amene anaimba chida chakuti ndi chimene chinkachitika m'dziko nthawi imeneyo. Mnyamata uja nkhani ya gitala ya McCartney anachita kuiwerenga, kenako anabwerera ku nyimboyo kukamva yekha. Umo ndi mmene katswiri amagwiritsidwira ntchito. Chimene ndikukana ndi kunyamula dzina la magazini ngati chibonga chothetsera nkhani.

Choncho muyeso wanga ndi umodzi, kaya wolankhulayo ndi pulofesa kaya ndi kondakitala wa minibasi. Kodi wachimvera chimbalecho chonse, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, kangapo? Kodi angandiloze malo, n'kunena kuti mvera apa pamene besi ikulowa, mvera apa pamene mawu akusweka? Kodi angavomere chofooka cha chimbale chimene amachikonda? Akatha zitatuzi, ndikhala pansi n'kumumvera, ngakhale ndisagwirizane naye. Akalephera, manambala ake asunge.

Aphunzitsi anzanga, tisanamizane, matendawa gwero lake ndi ife. Ndi kangati tapatsa ana manotsi a buku la Literature kuti aloweze, iwo osaliwerenga bukulo? Mwana amalemba pa MSCE kuti mutu wa nkhani ndi wakuti chifukwa aphunzitsi anatero, ndipo amakhoza. Wina akayesa kunena zimene waona yekha m'bukumo, timamudula kuti sizili m'manotsi. Ana amenewa akakula amakhala anthu amene sangathe kunena ngati ndiwo zili ndi mchere mpaka atafunsa wina. Lero ndi chimbale cha The Beatles, nkhani yaing'ono. Mawa ndi lonjezo la wandale, ulaliki wa mneneri kapena pepala la ngongole, ndipo adzafunsabe kuti, "Akuluakulu anati chiyani?"

Kwa inu amene munadutsa m'kalasi mwanga, ngati ndinakutsekanipo pakamwa mwa njira imeneyi, pepani. Lembani ndemanga zanuzo. Muzitsutsana mpaka tiyi azizire. Koma mubwere ndi umboni wa m'makutu mwanu, monga ndinkakuuzirani pa chimangirizo kuti mfundo yopanda chitsanzo ndi ziro.

Mwina mukufuna kudziwa kuti ineyo ndili mbali iti. Ndili kwa Revolver, ngakhale ndimavomera kuti m'menemo mulibe nyimbo yofika pa "A Day in the Life". Mnzanga uja ndamuitana Loweruka likubwerali, ndipo mnyamata uja walonjeza kubwera ndi mapepala ake aja. Revolver ndi mphindi 35, Sgt. Pepper pafupifupi 40. Tidzamvera zonse ziwiri osalankhula, kenako aliyense adzanene zake. Nthawi ikadzalola ndidzaikanso 45,000 Volts. Magazini idzatsale kunyumba.