Wodandaula za Nyumba Si Wovuta

Pa tchuthi cha Khirisimasi ndidakakhala masabata awiri kwa achimwene anga ku Lilongwe. Iwo ndi alamu anga akuchita lendi m'nyumba zosanja zatsopano, zimene sizinathe ngakhale zaka ziwiri chizitsegulire. Ukaziona uli kumsewu umachita kuima: penti woyera mbee, magalasi onyezimira, mpanda wa njerwa, mlonda pachipata. Koma usiku woyamba womwe ndidagona ndikumva madzi akudonthera m'ndowa imene alamu adatchera pansi pa sinki. Khoma la kuchipinda cha ana lidali lonyowa, ndipo pakona padali patayamba kale kuda ndi chuku. Chitseko cha pamasitepe sichinkatsekeka. Nditafunsa ngati eni nyumba akudziwa, achimwene adati adakanena kawiri, kachitatu adaleka. "Mng'ono wanga, nyumba ikusowa m'tauni muno. Ukamavuta, lendi ikwera, kapena akuuza kuti usamuke."

Mau akuti "ukamavuta" ndi amene andigwiritsa cholembera. Ine ndikuti munthu wochita lendi akamadandaula za chinthu choonongeka sakuvuta ai. Akugwira ntchito imene mwini nyumba sangathe kuigwira, popeza mwini nyumbayo sagona m'menemo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene amamva fungo la waya wopserera pakati pa usiku, amene amaona mng'alu ukukula pakhoma mvula ikagwa, ndi wokhalamo, osati wolandira ndalama pakutha pa mwezi.

Kuti tione kumene kusamvera anthu otere kumafikitsa, tiyeni tiyang'ane ku London, mzinda umene ambiri a ife timaganiza kuti zoterezi sizichitikako. Kumadzulo kwa mzindawu, m'dera la khonsolo ya Kensington and Chelsea, imodzi mwa makhonsolo olemera kwambiri ku Britain, kudali nyumba yosanja ka 24 yotchedwa Grenfell Tower. Idamangidwa mu 1974, ndipo m'zaka za 2015 ndi 2016 adaikonzanso ndi ndalama pafupifupi mapaundi 10 miliyoni. Adaika mazenera atsopano, nakuta makoma akunja ndi malata osalala a aluminiyamu. Aliyense wodutsa ankaona nyumba yatsopano.

Okhalamo ankaona zina. Mu May 2013 magetsi adavuta mpaka zipangizo za m'nyumba zingapo zidafuka utsi. Anthu adadandaula za zimenezi, za njira yotulukira pa ngozi, ndi za ntchito yokonzayo imene ankaiona kuti ikuyenda mwachinyengo ndi mosawafunsa. Ena mwa iwo adapanga gulu lotchedwa Grenfell Action Group. Mu November 2016 gululi lidalemba poyera kuti zikuoneka kuti ngozi yaikulu yokha, yotayitsa miyoyo, ndi imene idzaulule kusasamala kwa bungwe loyang'anira nyumbayo. Patangopita miyezi isanu ndi iwiri, usiku wa pa 14 June 2017, filiji ya m'nyumba ina ya munsanja yachinayi idagwira moto. Motowo udatulukira pazenera, nugwira malata aja, amene pakati pake padali pulasitiki woyaka ngati mafuta. Theka la ola lisanathe udafika pamwamba penipeni. Anthu 72 adafa, 18 mwa iwo ana.

Tisanamizane: okhalamo sadadziwe chimene chidali m'kati mwa malatawo, ndipo malatawo ndiwo adafalitsa moto. Kafukufuku adapeza kuti poyamba padali maganizo oika malata a mtundu wina, koma adasintha kuti apulumutse mapaundi pafupifupi 293,000. Komabe pali kanthu kena kakang'ono kamene sikachoka m'mutu mwanga. Nyumba yosanja yotere imamangidwa kuti khomo lililonse likhale ngati bokosi lotseka: moto ukabuka mwa mnzako, uzikhala momwemo, utsi usafike pamasitepe. Kuti zimenezi zitheke, chitseko chilichonse chimakhala ndi kachitsulo kochibweza chokha munthu akatuluka mothamanga. Ku Grenfell tizitsulo timeneti pa zitseko zambiri tidali titathyoka kapena titachotsedwa, ndipo palibe adatibwezera. Anthu pothawa adasiya zitseko pululu, utsi udadzaza makonde, pamene nyumba yonseyo idali ndi masitepe amodzi okha. Kachitsulo kotere, mmisiri angakaike tsiku limodzi lisanathe.

Bungwe lofufuza, lotsogozedwa ndi woweruza wopuma pantchito Sir Martin Moore-Bick, lidatulutsa lipoti lake lomaliza pa 4 September 2024. Lidati imfa zonsezo zikadapeweka. Lidanenanso kuti oyang'anira nyumbayo ankawaona ena mwa odandaula aja ngati anthu oyambitsa chisokonezo. Mwa mau ena, ankawatcha ovuta.

Mwina wina anena kuti kwa achimwene anga kulibe malata oyaka, kwangonyowa khoma basi. Ndiye timve za mwana wa zaka ziwiri, Awaab Ishak, wa m'tauni ya Rochdale ku Britain komweko. Bambo wake adakadandaula za chuku cha m'nyumba yawo ya lendi mu 2017, ndipo adauzidwa kuti angopakapo penti. Mwanayo adamwalira mu December 2020 ndi matenda a m'chifuwa, ndipo mu November 2022 bwalo lofufuza za imfa lidagamula kuti chidamupha ndi chuku chimene adakhala akupuma. Boma lidakhazikitsa lamulo lotchedwa dzina lake, limene lidayamba kugwira ntchito mu October 2025: eni nyumba za makhonsolo ndi za mabungwe ayenera kuchitapo kanthu pa vuto loopsa maola 24 asanathe. Dziko lolemera lija lidadikira maliro a mwana kuti lilembe chinthu chimene mayi aliyense amachidziwa.

Tibwerere kwathu. Nyumba zosanja zikumera ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu, ndipo ine sindikudana nazo. Malo m'tauni akuchepa, anthu akuchuluka. Koma ambiri a ife tidakulira m'nyumba zapansi, mmene denga likadontha vuto limakhala la banja limodzi. M'nyumba yosanja mulibe vuto la banja limodzi. Paipi yophulika pamwamba imanyowetsa denga la wapansi, madziwo n'kupeza waya wa magetsi. Chimbudzi chimodzi chikatsekeka, zonyansa zimabwerera kwa anthu amene sadalakwe. Tidatengera kamangidwe katsopano, koma kasamalidwe kake tikadali pa kale lomwe, kuti mwini nyumba amaoneka pa tsiku la lendi lokha. Ndipo upya wa nyumba ndi umene umatseka anthu pakamwa, chifukwa woyang'anira amayankha kuti, "Nyumba yatsopano iyi, mwaononga ndinu." Chonsecho chaka choyamba ndi chimene zolakwika za amisiri zimaonekera, dzinja loyamba likaiyesa nyumba.

Eni nyumba nawo ali ndi mau, ndipo ndi bwino tiwamve. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, simenti, mapaipi ndi penti zidakwera mitengo, pamene ena adamanga ndi ngongole ya kubanki. Alipo ochita lendi amene amatha miyezi itatu osalipira, amene amataya nsanza m'chimbudzi, amene amaphika pambaula m'chipinda chotseka kenaka n'kumadandaula za khoma lakuda. Zonsezi n'zoona. Koma mwini nyumba wanzeru ayenera kuthokoza womuuza msanga, pakuti kampira ka mpopi ndi kotsika mtengo kuposa kugumula khoma lovunda. Ndipo lendi si mtengo wa penti. Munthu amalipira kuti agone pouma, apume mpweya wabwino, ndi kuti atuluke wamoyo zinthu zikavuta. Wolandira ndalama yonse koma osakonza akugulitsa theka la katundu pa mtengo wathunthu.

Ndikudziwa kuti pakati pa owerenga magazini ino pali makolo amene ali ndi nyumba za lendi, ndipo ndalama yake ndi imene imatilipirira ena a ife sukulu. Maparishi enanso ali nazo nyumba zotere. Sindikuloza munthu chala. Ndikungopempha kuti wochita lendi akabwera kachitatu ndi nkhani yomweyo, tisayambe ndi kuganiza zomusamutsa. Tipite tikagwire khomalo ndi dzanja lathu.

Kwa ochita lendi, pempho langa ndi loti tileke kudandaula pakamwa pokha. Mau a pachipata amauluka, koma kalata yokhala ndi tsiku imakhala. Polowa m'nyumba, jambulani ndi foni chilichonse cholakwika, ndipo pangano lanu linene amene adzakonze mpopi, denga ndi magetsi. Koposa zonse musapite nokha. Khomo limodzi n'losavuta kulithamangitsa, koma mwini nyumba amaganiza kawiri asanathamangitse makomo khumi.

Tchuthi chisanathe ndidawauza alamu anga za zitseko za ku Grenfell. Sadayankhe kanthu, koma m'mawa mwake adayenda khomo ndi khomo, napeza kuti mabanja ena asanu ali ndi ndowa zawo pansi pa sinki, aliyense akuganiza kuti vutolo ndi lake yekha. Adalemba kalata imodzi, onse nasainira, kupatula bambo wina amene adati akuopa. Tsiku limene ndinkakwera basi yobwerera kusukulu yankho lidali lisanabwere, ndipo ndowa ija idali ikadali pamalo pake.