Galimoto za ku Japan zadzaza Ndirande, nanga chikhalidwe chake chatsalira kuti?

Chionetsero cha maiko onse cha Expo 2025 chidatsekedwa mumzinda wa Osaka ku Japan pa 13 Okutobala 2025 chitachitika kwa miyezi isanu ndi umodzi. Anthu oposa 25 miliyoni adafika pachilumba cha Yumeshima kukaona luso, zakudya, magule ndi nzeru zamakono za maiko osiyanasiyana. Ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Zingwangwa, nkhaniyi idangodutsa ngati mphepo. Sizodabwitsa, poti tikiti ya ndege yopita ku Osaka ndi ndalama zimene wogulitsa makala pa Chinseu sangazipeze ngakhale atasunga chaka chathunthu.

Chodabwitsa n'chakuti m'makwalala omwewo dziko la Japan lili paliponse. Minibasi zambiri zonyamula anthu pakati pa Limbe ndi Machinjiri ndi za mtundu wa Toyota kapena Nissan, ndipo zina zikadali ndi zilembo za Chijapani m'mbali mwake, mwina dzina la sukulu ya mkaka kapena hotela imene zinkatumikira kwawoko. Dalaivala wa Sienta akaliza galimoto m'mawa, kamawu ka mzimayi kamayankhula Chijapani kuchokera m'kamakina kolipirira misewu ya ku Japan, ndipo iye adazolowera osadziwa chimene akuuzidwa. Wailesi ya m'galimoto zambiri zotere imalekezera pa 90 FM, motero amisiri a zamagetsi adapezapo bizinesi yoikamo kachipangizo kowonjezera masiteshoni. Ngakhale okonda mpira sadaphonyedwe: kwa zaka zingapo timu ya Wanderers inkatchedwa Be Forward Wanderers, potsatira kampani ya ku Tokyo yogulitsa galimoto zakale, ndipo ndi dzina limeneli Manoma adatenga ligi ya 2017.

Katundu adafika, koma eni katunduyo sadziwika kwenikweni. Mwana wa ku Chilomoni akaona munthu aliyense wa ku Asia amafuula kuti "Tchaina". M'nyumba zoonetsera makanema, filimu iliyonse yomenyana imatchedwa ya karate, chonsecho Bruce Lee, Jackie Chan ndi Jet Li adatchuka ndi kung fu ya ku China. Karate idachokera pachilumba cha Okinawa ku Japan, judo adaiyambitsa Jigoro Kano mu 1882 ku Tokyo, pomwe taekwondo ndi ya ku Korea. Kwa wina izi n'zazing'ono, koma Mmalawi amene adafunsidwapo kunja ngati kwawo n'ku Mali amadziwa kuwawa kwake.

Umbuli umenewu ndi wovuta kuumvetsa tikayang'ana mbiri. Anthu ongodzipereka a ku Japan, amene masiku ano amabwera kudzera m'bungwe la JICA, adayamba kufika m'dziko muno mu 1971, ndipo Malawi ndi dziko limene lalandira ambiri kuposa lina lililonse padziko lapansi, oposa 1,800. Aphunzitsa masamu ndi sayansi m'sukulu zasekondale, agwira ntchito m'zipatala ndi m'maofesi a zaulimi, ambiri a iwo kumidzi. Mmodzi mwa iwo, Kohei Yamada, adaimba nyimbo ya Chichewa yotchedwa Ndimakukonda mothandizana ndi Mlaka Maliro mu 2005, yolimbikitsa achinyamata kukayezetsa magazi, ndipo idamveka kwambiri pawailesi. Ndalama za Japan ndi zimene zidakuza gawo la msewu wa Masauko Chipembere mu Blantyre momwemo, komanso kumanga malo opangira magetsi a Tedzani IV amene adayamba kugwira ntchito mu 2021. Pulogalamu ya One Village One Product, imene boma lidakhazikitsa mu 2003, idatengedwa ku chigawo cha Oita.

Vuto lili pa malo ndi pa oitanidwa. Ofesi ya kazembe wa Japan, imene idatsegulidwa mu 2008, ili ku Lilongwe, chimodzimodzinso ofesi ya JICA. Mwachibadwa, madyerero okumbukira tsiku lobadwa la Mfumu Naruhito, limene ndi 23 Febuluwale, ndi zochitika zina za ofesizi zimakokera ku likulu, kumene oitanidwa ake amakhala nduna, akazembe anzawo ndi akuluakulu a mabungwe. Kumeneko munthu angalawe sushi kapena kuona kimono. Mnyamata wa ku Bangwe amene amagona mochedwa kuonera Naruto kapena One Piece pafoni, amenenso angathe kutchula mawu angapo a Chijapani kuposa nduna iliyonse, kalata yomuitana siimufika.

Mlandu wonse sungagwere alendo. Mzinda wa Blantyre ulibe malo okwanira ochitirako zionetsero. Malo a French Cultural Centre, amene kale ankasonkhanitsa oimba, ochita zisudzo ndi oonetsa mafilimu, adasakazidwa ndi akuba eni ake atachoka mu 2011, ndipo ngakhale boma lidawatenga n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre, kuwakonza kwatenga zaka zambiri. Holo za m'makwalala zidasanduka matchalitchi ndi malo a maukwati. Wofuna kubweretsa chionetsero cha zithunzi kapena oimba ng'oma za taiko ku Ndirande ayenera kuyamba wafunsa za denga, magetsi ndi chitetezo.

Kuti kusadziwana kuli ndi mtengo wake zidaoneka poyera chaka cha 2025 chomwecho. Pamsonkhano wa TICAD 9 umene udachitikira ku Yokohama kuyambira pa 20 mpaka 22 Ogasiti, bungwe la JICA lidalengeza kuti mizinda inayi ya ku Japan ikhala pa ubale wapadera ndi maiko anayi a mu Africa: Imabari ndi Mozambique, Nagai ndi Tanzania, Kisarazu ndi Nigeria, Sanjo ndi Ghana. Cholinga chidali kuyenderana ndi kuphunzirana chikhalidwe. Koma boma la Nigeria lidatulutsa chikalata chonena kuti Japan ikonza chiphaso chapadera cha Anaijeriya ofuna kukakhala kumeneko, zomwe sizidali zoona. Mphekesera zidafala pa intaneti ku Japan kuti mizindayo yaperekedwa kwa anthu a ku Africa, maofesi a makhonsolo adadzazidwa ndi mafoni a anthu okwiya, ndipo pofika pa 25 Sepitembala bungwe la JICA lidathetsa ndondomeko yonseyo. Mbali ina idaona ubale ngati khomo la ntchito, inayo idauona ngati chigumula cha alendo. Malawi sadali pa mndandandawo, koma awiri mwa maikowo ndi oyandikana nawo, ndipo phunzirolo likumukhudza.

Likumukhudza chifukwa achinyamata ambiri m'makwalala akusakasaka njira yotulukira kunja. Njira zenizeni zopitira ku Japan zilipo, monga thandizo la maphunziro la boma la Japan lotchedwa MEXT ndi la ABE Initiative la ophunzira digiri yachiwiri, ndipo zimadutsa ku ofesi ya kazembe kapena ku JICA. Pamene wachinyamata sadakumanepo ndi munthu womufotokozera izi maso ndi maso, amatsala m'manja mwa aliyense wolonjeza ntchito pa Facebook. Tebulo limodzi lofotokozera za maphunziro pachikondwerero cha pabwalo la sukulu lingateteze anthu ambiri kuposa chikalata cha m'nyuzi.

Poyambira palipo kale. Ku Chilomoni kuli bungwe la Seibo, limene limapereka phala m'sukulu za mkaka ndi ndalama zimene mbali ina imachokera ku khofi wa ku Malawi wogulitsidwa ku Japan, kumene ana asukulu amathandiza kumugulitsa. Ana a ku Japan amenewo amaphunzira za Malawi, koma ndi angati mwa makolo a ku Chilomoni adaonapo chithunzi cha sukulu zawo? Pamasewero, Harriet Bonface adaimira dziko lino pa judo ku Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021, ndipo mzinda wa Ota m'chigawo cha Gunma ndi umene udasankhidwa kukhala bwenzi la timu ya Malawi. Judo siifuna bwalo lalikulu, imangofuna mphasa zake ndi mphunzitsi wodziwa.

Palinso tiyi. Mwambo wophika ndi kumwa tiyi wobiriwira ndi umodzi mwa miyambo imene Ajapani amaonetsa alendo monyadira, pomwe minda ya tiyi ya ku Thyolo ili pafupi ndi Limbe, ndipo esiteti ya Satemwa imapanga kale tiyi wobiriwira. Ajapani amasonkhananso pansi pa mitengo ya sakura ikachita maluwa, mabanja n'kumadya ndi kucheza, chizolowezi chimene amachitcha hanami. Mitengo ya jakaranda ya mu Blantyre imachita maluwa ake mu Sepitembala ndi Okutobala, ndipo ntchito imene imapereka ku khonsolo mpaka lero ndi yosesa basi.