Chakudya chilichonse chizidziwika kumene chachokera

Mayi akabwera kuchipatala ndi mwana wosanza ndi kutsegula m'mimba, funso langa loyamba limakhala lakuti, "Wadya chiyani?" Nthawi zambiri yankho limabwera msanga: chiponde, yogati kapena soseji. Koma ndikafunsa za paketi yake, ndimamva kuti inatayidwa kale. Pamenepo ndimatha kuthandiza mwana mmodziyo, koma sinditha kuteteza ana ena amene adye chakudya chomwecho mawa.

Kuno ku Thyolo tili ndi chitsanzo chabwino pakhomo pomwe. Tiyi wa m'maesiteti monga Satemwa, Makandi ndi Conforzi, komanso wogulitsidwa ku okushoni ya ku Limbe, samangopakidwa m'matumba chisawawa. Masamba amayezedwa pasikelo n'kulembedwa, ndipo akafota, kudulidwa ndi kuumitsidwa kufakitale, gulu lililonse limapatsidwa nambala. Wogula wa ku London akadandaula, nambalayo imawabweza ku fakitale ndi nthawi imene tiyiyo anapangidwa.

Masiku ano zolemba zotere zikusamukira m'makompyuta, ndipo pamakhala munthu wotsogolera ntchitoyo. Iye amakonza ndondomeko ndi bajeti, amalumikiza opanga mapulogalamu ndi akalaliki a pasikelo, akapitawo ndi oona za ukhondo, kenaka amaonetsetsa kuti onse aphunzitsidwa. Ambiri amamuona ngati munthu wa mu ofesi basi. Ine ndikuti munthu ameneyu akugwira ntchito ya zaumoyo, ndipo tizimuweruza motero.

Taganizirani zimene zinachitika ku South Africa mu 2017 ndi 2018. Matenda a listeriosis anagwira anthu oposa 1,000 ndipo oposa 200 anamwalira, kuphatikizapo makanda ambiri. Tizilombo ta Listeria timaswana ngakhale m'firiji, ndipo zizindikiro zimatha kuoneka patapita masabata angapo, munthu ataiwala kale chimene anadya. Gwero lake linalengezedwa mu Marichi 2018: polony wochokera ku fakitale ina ya ku Polokwane. Mayiko oyandikana nawo, kuphatikizapo Malawi, analamula kuti nyama zoterezi zichotsedwe m'masitolo. Tsiku lililonse lochedwa kupeza gwero linali tsiku linanso limene anthu ankadyabe chakudyacho.

Choncho mayeso enieni a pulojekiti ya makompyuta pa kampani ya zakudya ndi awa: vuto likapezeka m'mawa, kodi pofika madzulo mungadziwe gulu limene lakhudzidwa ndi masitolo amene linapitako? Ngati simungathe, ndalama zapita pachabe, kaya pulogalamuyo ioneke yokongola bwanji.

Ena anena kuti izi n'za makampani olemera, pakuti kuno magetsi amazimazima ndipo netiweki imavuta. N'zoona ndithu. N'chifukwa chake wotsogolera wanzeru amasankha pulogalamu yotha kugwira ntchito popanda intaneti, ndipo sataya kaundula wa papepala. Alangizi a zaumoyo amene amatumiza malipoti pafoni akudziwa bwino kuti batire ikatha, buku ndi limene limapulumutsa. Ngakhale gulu la amayi lopanga chiponde lingayambe ndi kope limodzi: tsiku lopangira, kumene mtedza unagulidwa, ndi nambala yolembedwa pabotolo. Mtedza wa chuku ukapezeka kuti uli ndi poizoni wa aflatoxin, amene amaononga chiwindi, adziwa mabotolo oti achotse m'malo motaya katundu yense.

Inu makolo, pogula chakudya cha m'paketi onani tsiku lothera ntchito, nambala ya gulu ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Mwana akadwala atadya chinachake, musataye paketiyo. Bwerani nayo kuchipatala, kapena ijambuleni pafoni. Inu odzipereka pa zaumoyo m'midzi ndi m'nyumba za paesiteti, mukaona anthu awiri kapena atatu akudwala mofanana, lembani chimene anadya, kumene anagula ndi tsiku lake, ndipo dziwitsani mlangizi wa zaumoyo tsiku lomwelo.

Ngati tikutha kulondola tiyi wopita kunja mpaka kumunda, chakudya cha mwana wa wothyola tiyiyo chiyeneranso kulondoleka chimodzimodzi.