Chida chakale pa fulashi ndi ulesi, musachitche ukatswiri

Abale ndi alongo a ku Malawi, ku Chipata, ku Tete ndi kwina konse kumene Chichewa chimamveka, ndikulemba ndili ndi dandaulo lolunjika kwa anzathu okonza makompyuta kuno ku Johannesburg.

Mlongo wanga wina anapita ndi laputopu yake kwa mmisiri wa kwathu kuti amuikire Ubuntu pambali pa Windows. Mmisiriyo anatulutsa fulashi imene wakhala akuyenda nayo zaka zambirimbiri, natsegula chida chogawira disiki. Pofika madzulo, zithunzi za maliro a mayi, makope a pasipoti ndi mapepala ofunsira chilolezo chokhalira m'dziko muno zinali zitapita. Yankho lake linali lakuti: “Ndakhala ndikugwiritsa ntchito chida chimenechi kuyambira kale, sichinandikhumudwitsepo.” Mawu amenewa ndiwo ndikufuna kutsutsa.

Kugawa disiki kuli ngati kudula malire a munda umene muli kale mbewu za mwini wake. Chida chimalemba tebulo losonyeza pamene gawo lililonse layambira ndi pamene lathera, ndipo tebulolo likalakwika, kompyuta siionanso zimene zili m'gawomo.

Tsono madisiki anasintha. Tebulo lakale la MBR limalola magawo akuluakulu anayi okha, ndipo pa disiki wamba silipitirira materabaiti awiri. Makompyuta a masiku ano amagwiritsa ntchito GPT, imene kawirikawiri imalola magawo 128. Pulogalamu ya fdisk inayamba kuwerenga GPT mu 2013. Yakale kuposa pamenepo imaona disiki yotere ngati gawo limodzi lachilendo, ndipo wosadziwa angalembe pamwamba pake. Cha m'ma 2010 madisiki ambiri anayamba kukhala ndi zigawo za mabaiti 4096 m'malo mwa 512, kotero chida choyambitsa gawo pa chigawo cha 63, monga zinkachitikira kale, chimasiya disiki ikulemba mwaulesi moyo wake wonse. Nayo GParted, imene inatuluka koyamba mu 2004, inayamba kugwira bwino ntchito ndi exFAT mu 2021.

Anzathuwa amati zatsopano zimabwera ndi zolakwika zake. Zimenezo n'zoona. Koma n'chifukwa chake Ubuntu imatulutsa mtundu wa LTS mu April pa zaka ziwiri zilizonse, n'kuusamalira zaka zisanu. Palibe amene akukukakamizani kuthamangira chida chotuluka dzulo. Tikungopempha kuti mugwiritse ntchito chimene chikusamaliridwabe. Chisamaliro chawamba cha Ubuntu 18.04 chinatha mu 2023, cha 20.04 mu 2025. Nanga pa fulashi yanu pali chiyani?

Ena amati intaneti ndi yodula. Kodi GParted Live, imene siifika ngakhale gigabaiti imodzi, ndi yodula kuposa mapepala amene munthu anawaimira pamzere masiku angapo? Pulogalamuyi ndi yaulere. Mark Shuttleworth, mwana wa dziko lomwe lino, anayambitsa Ubuntu mu 2004 naipatsa dzina limene ife timati umunthu. N'zochititsa manyazi kuti dzina limenelo likhale pa sikirini pamene mmisiri akusewera ndi katundu wa mnzake.

Ndinene chilungamo: ngakhale chida chatsopano sichingapulumutse disiki magetsi akazima gawo lili pakati posamutsidwa, ndipo tonse tikukumbukira mmene magetsi ankazimira kuno mu 2023. Choncho mmisiri woona amayamba wakopera zonse pa disiki ina, amaonetsetsa kuti batire ndi lodzaza, ndipo amamufotokozera mwini wake za ngoziyo asanadine chilichonse.

Inu amisiri, konzani fulashi yanu sabata ino. Inu eni makompyuta, musaope kufunsa kuti chidacho ndi cha chaka chiti, ndiponso kuti kope la zinthu zanu lasungidwa kuti. Akayamba kuzembazemba, nyamulani laputopu yanu muzipita. Safunsa anadya phula.