Tebulo Liyambe, Makina Abwere Pambuyo

Alimi anzanga, fodya akagulidwa ku Limbe kapena ku Kanengo, ena a inu mumaganiza zogula makina a lathe, aja ozunguza mtengo pamene mmisiri alikuusema, kuti pa nyengo ya cilimwe muzipanga mipini, minsi ndi miyendo ya mipando. Ganizo limeneli ndi labwino. Cimene cindidetsa nkhawa ndi cakuti munthu amatha ndalama zace zonse pa makina, nawaika pa tebulo lodyerapo nsima, lokhomedwa ndi misomali. Ine nditi nkwabwino kugula makina ocepa ndi kusungako ndalama za matabwa ndi mabauti.

Mtengo umene muumanga pa makina sulemera mofanana mbali zonse. Ukayamba kuzungulira, mbali yolemerayo imakokera makina uku ndi uku, ndipo tebulo lopepuka limayamba kubvina. Pamenepo mpeni wosemera umadumphadumpha, nusiya mizere pa mtengo. Tsiku lina mpeniwo udzakodwa, mtengo udzamasuka ndi kukumenyani kumaso, mwina kuthyola cala, cikhalirenico cala comweco cifunika pothyola fodya.

Mankhwala a kubvinako ndiwo kulemera. Miyendo ikhale ya mainchi 4 mbali zonse, yotangadza pang'ono monga aimira munthu wogwetsa mtengo ndi nkhwangwa, ndipo thabwa la pamwamba lisacepere mainchi 2 kucindikala kwace. Mangani ndi mabauti, pakuti misomali imasukusa ndi kugwedezeka, ndipo simungaikungenso. Kumbuyo ikani thabwa lopingasa, locokera pamwamba pa mwendo wina kufika pansi pa unzace. Aliyense amene anacirikizapo cigafa copendekeka adziwa nchito yace. Pansi pa tebulo pangani alumali, nimusanjikepo matumba awiri kapena atatu a mcenga wouma. Mcenga uposa miyala pa nchito imeneyi, cifukwa timiyala tace timapekesana tokhatokha ndi kumeza kunjenjemera konse.

Za mtengo: mlombwa ndiwo wokoma, supindika ndipo ciswe cimauopa, koma wasowa m'madera ambiri, ndiponso sudulidwa popanda cilolezo. Bulugama akwanira, malinga akhale wouma. Amisiri amawerengera caka cimodzi pa inchi iliyonse ya thabwa, louma pamthunzi. Wosadikira adzaona tebulo lace litapotoka lisanathe dzinja limodzi.

Tsono pali nkhani ya kulingana, imene ambiri amayesa ya maonekedwe cabe. Si conco ai. Makina ali ndi msana wacitsulo wautali, ndipo nsonga ziwiri zogwira mtengo ziyenera kupenyana ndendende. Citsulo cioneka cosagonja, komabe mukacikunga ndi mabauti pa thabwa lopotoka, naco cimapotoka pang'ono, nsonga zija ziphonyana, ndipo mtengo sukhazikika bwino. Cifukwa cace musanakunge, onani phazi liti la makina lilikulendewera, nimulowetse pansi pace tizidutswa ta malata kufikira mpata utatha. Musagwiritse nchito makatoni, pakuti amaphwanyika.

Mphika ukhazikika pa mafuwa atatu ngakhale pansi pali pokumbika, koma tebulo la miyendo inai lifuna pansi polingana. Dothi la m'nyumba limafewa ndi cinyezi, mwendo umodzi numira. Thirani simenti, kapena yalani njerwa zoocha pansi pa mwendo uliwonse. Zidzachinganso ciswe pang'ono. Wopanda levulo atenge paipi ya pulasitiki yoonekera, athiremo madzi: madzi a ku mapeto awiriwo amaima pa msinkhu umodzi nthawi zonse.

Ena amalangiza kuika cidutswa ca tayala pakati pa makina ndi tebulo. Ine sindibvomereza. Mphira ulola makina kubvina paokha, ndipo kulemera konse kumene munabvutikira sikuthandizanso kanthu. Makina ndi tebulo zikhale ngati thupi limodzi. Mphira, ngati muufuna, ukhale wopyapyala, pansi pa miyendo.

Kutalika kwa tebulo muyese ndi thupi lanu, kuti nsonga zogwira mtengo zifanane ndi cigongono canu mutaimirira. Mukatha zonse, ikani kapu ya madzi pa tebulo, muyendetse makina pang'onopang'ono. Madzi akamatayika, onjezani mcenga ndi kukunganso mabauti. Mvula yoyamba ikagwa yesaninso, pakuti matabwa amafufuma ndi cinyezi.