Musanapereke ndalama, gwadani muone kunsi kwa galimoto

Gulu lina la alimi a mtedza limene ndimaliyendera linasunga ndalama za zokolola kwa zaka zitatu n'kugula galimoto ya 4x4 yogwirapo kale ntchito, kuti lizinyamulira matumba kupita ku msika ndi odwala kupita ku chipatala. Penti yake inali yonyezimira, mipando yosang'ambika. Mvula yoyamba itagwa, galimoto ija inatitimira padambo, matayala akumbuyo akungozungulira m'matope, akutsogolo ali duu. Makaniko atalowa kunsi anapeza kuti chitsulo chopereka mphamvu ku matayala akutsogolo, chija amati propshaft, chinachotsedwa kalekale. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mukafuna kugula galimoto yotere, pitani m'mawa injini isanalizidwe, ndipo mutenge makaniko wanu, osati amene wogulitsa wakupezerani. Mukapeza boneti ili yofunda, bwererani mawa lake, chifukwa injini yotentha imabisa matenda. Ikamalizidwa imani kumbuyo muone utsi. Wobiriwira ngati mtambo ukutanthauza kuti injini ikudya oyilo. Wakuda kwambiri umaloza ku ma injector kapena sefa ya mpweya. Woyera umene sukutha injini itatentha ndiye woopsa: kawirikawiri madzi amakhala akulowa mu injini. Sololaninso kachitsulo koyezera oyilo. Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka wasakanikirana ndi madzi, ndipo galimoto imeneyo isiyeni.

Mbiri yeniyeni ya galimoto ya kumudzi imalembedwa kunsi kwake, choncho valani zovala zosadandaulitsa ndipo mutenge tochi. Yang'anani chasesi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, makamaka pamene pagwira masipuling'i, pakuti galimoto yozolowera kusenzetsedwa katundu wopyola muyeso m'misewu yokumbika imayamba kung'aluka pamenepo. Pamene pawotchereredwa, kapena pamene papakidwa penti yakuda yatsopano pamalo amodzi okha, funsani chifukwa chake. Galimoto zambiri zimene zimatipeza kudzera ku Dar es Salaam kapena ku Durban zimachokera ku Japan ndi ku Britain, kumene nyengo yachisanu amawaza mchere m'misewu ina. Mcherewo umadya chitsulo. Gogodani ndi sipanala: dzimbiri la pamwamba si mlandu, koma chitsulo chikamafumbutuka, palibe makaniko amene angachibwezere mwakale. Pemphaninso kuti atsegule pothirira oyilo wa diff. Akakhala wotuwa, galimotoyo yakhala ikuwoloka mitsinje popanda woisamala.

Tsopano iyeseni pa ntchito imene mukuigulira. Kuyaka kwa nyali ya 4WD sindiwo umboni, poti ya alimi aja nayonso inkayaka. Pitani pamchenga kapena pachitunda cha fumbi, osati pa tala, chifukwa galimoto zambiri za mtundu uwu zimaonongeka zikayenda pa tala matayala onse anayi atalumikizidwa. Ngati ili ndi ma hub kutsogolo, atembenuzeni afike pa LOCK. Lowetsani 4H, kenaka imani mulowetse 4L. Iyenera kukwawa ngati kamba koma ndi mphamvu zambiri, mnzanu ataima panja kuona ngati matayala akutsogolo akukokadi. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto n'kuyenda pang'onopang'ono. Phokoso la kha! kha! kha! kutsogolo ndi ndalama zina zimene mudzalipire.

Makilomita olembedwa pa wotchi ine sindiwakhulupirira kwenikweni, chifukwa amabwezedwa. Galimoto yonena kuti yayenda makilomita 80,000 koma mphira za pa buleki ndi kilatchi zili zoperepeseka ikunama. Funsani za lamba wa timing, amene pa injini zambiri za dizilo za Toyota amasinthidwa pa makilomita 100,000 kapena 150,000. Akaduka muli paulendo, injini imaonongeka kwambiri. Matayala nawo ali ndi tsiku lobadwa: manambala anayi a m'mbali, monga 2319, akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019.

Mapepala musawachitire manyazi. Nambala yodindidwa pa chasesi ifanane ndi ya mu blue book ku Malawi kapena white book ku Zambia, ndipo dzina la m'bukumo likhale la amene akugulitsayo. Onani umboni woti msonkho wa MRA kapena ZRA unalipiridwa, ndipo ngati galimoto yachokera m'dziko loyandikana nalo, apolisi atsimikize kuti si yobedwa. Yakuba ikagwidwa mumataya galimoto ndi ndalama zomwe.

Za mtundu wa galimoto, ine ndimayamba ndafunsa ogulitsa zipangizo pa boma lapafupi kuti amasunga za galimoto ziti. Land Cruiser ndi Hilux zimakwera mtengo chifukwa zipangizo zake ndi amakaniko ozidziwa amapezeka ngakhale kutali ndi tauni. Mitsubishi inasiya kupanga Pajero mu 2021, ndipo Land Rover Defender yakale inalekeka mu 2016. Zikadali galimoto zamphamvu, koma fufuzani kaye kumene muzikagula zipangizo zake.

Alimi aja anapeza propshaft yakale mumzinda patatha miyezi iwiri. Ataimanga, chifukwa chimene mwini woyamba anaichotsera chinaonekera: diff yakutsogolo inali yophwanyika mano. Mtedza wa chaka chimenecho unapita ku msika pa ngolo.